Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Aliyense amene anaphunzitsako ku pulayimale akudziwa kuti m'kalasi simulephera kukhala mwana mmodzi kapena awiri amene thupi lawo limamva masewera alionse. Mukawaponyera mpira wachikulunga amaumenya ngati anabadwa nawo. Mukawaimika pa mzere wa liwiro ndiwo oyamba kufika. Tsiku la phada ndi omwewo, tsiku la fulaye ndi omwewonso. Anzawo amawalimbirana pogawana magulu, ndipo ife aphunzitsi timawakonda kwambiri ikafika nyengo ya mipikisano ya masukulu. Koma makolo a ana otere kawirikawiri amagona ndi nkhawa. Iwo amaona ngati mwanayo alibe mtima umodzi, ndipo mwambi umene amauthamangira ndi uja wa pusi amene anati ichi chakoma, ichi chakoma, mpaka anagwa chagada.

Chatichititsa kulemba za ana otere mwezi uno ndi nkhani ya mtsikana wina wa kuno ku Chigwirizano, amene tsopano akuphunzira pa koleji ina mu mzinda wa Lilongwe. Ndi mwana wamtali, wa miyendo italiitali ndi mapewa otambasuka. Ku koleji amasewera mpira wa ntchemberembaye, amasewera volleyball, ndipo pa liwiro la mamita 800 ndi ochepa amene amamuona kumaso. M'chaka cha 2024, pamene masewera a Olimpiki ankachitikira ku Paris, anaona pa kanema atsikana anzake akupikisana kupalasa ngalawa zazitali zopyapyala, ndipo kuchokera pamenepo mtima wake sunachokekonso. Bambo ake anatipeza madzulo ena ali okhumudwa ndithu. "Aphunzitsi," anatero, "inu munamphunzitsa mwanayu ali wamng'ono, mwina inu akumverani. Ife ndife a kumtunda, agogo ake sanakwereko bwato ndi tsiku limodzi lomwe. Fizi tikuchita kukongola, iye n'kumati akufuna kukhala msodzi."

Mawu a bambowa sitinawaseke, pakuti muli zoona zina m'menemo zimene tidzafikako. Koma poyamba tiyenera kumvetsa chimene mwanayo akufuna, chifukwa Chichewa chathu chimatchula zinthu ziwiri zosiyana ndi mawu amodzi akuti kupalasa. Msodzi wa ku Senga Bay akakhala m'bwato logoba amayang'ana kumene akupita, nkhafi ili m'manja mwake yosamangirira pena paliponse, ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mikono ndi msana. Kupalasa kotereku kuli ndi mipikisano yakeyake ku Olimpiki. Masewera amene mtsikanayu anaona, amene pa Chingerezi amati rowing, ndi ena. Wopalasayo amakhala mofulatira kumene akupita, maso ali kumene akuchokera. Nkhafi zake ndi zazitali, ndipo zimamangiriridwa pa zitsulo zotuluka m'mbali mwa ngalawa, kotero kuti zimagwira ntchito monga chitsulo chimene timatembenuzira nacho mwala waukulu. Mapazi amakhala m'nsapato zokhomeredwa pa thabwa, pamene mpando uli ndi timateyala ndipo umayenda pa tinjanji tiwiri. Munthuyo amapinda mawondo n'kusendera kutsogolo, amamiza nkhafi m'madzi, kenaka amakankha ndi miyendo yonse iwiri ngati akudumpha atakhala pansi. Msana umatsatira, mikono n'kumalizitsa. Ophunzitsa masewerawa amanena kuti mphamvu yoposa theka imachokera m'miyendo, chinthu chimene chimadabwitsa anthu ambiri poyamba kuchimva.

Ngalawa zake nazonso si zimene tinazolowera kuona. Ya munthu mmodzi imatalika mamita 8 kapena kuposerapo pang'ono, koma m'lifupi mwake ndi mongokwana chiuno cha munthu, ndipo malamulo amati isapepuke kuposa makilogalamu 14. Taganizani, ndowa ya madzi ya malita 20 imene ana athu amasenza kuchokera ku mjigo ndi yolemera kuposa ngalawa yonseyo. Zilipo za anthu awiri, za anthu anayi, ndiponso yaikulu ya anthu 8 imene imakhala ndi wachisanu ndi chinayi wogwira tsigiro, amene ntchito yake ndi kuongolera ndi kufuulira anzake kuti nkhafi zonse zilowe m'madzi nthawi imodzi. Ameneyu amasankhidwa wamng'ono thupi koma wa mawu ndi nzeru, motero ngakhale mwana wamfupi ali nawo malo ake m'masewerawa. Mtunda wa mpikisano ndi mamita 2,000, kufanana ndi kuzungulira kasanu njira yothamangiramo ya pa bwalo la Bingu. Ngalawa ya anthu 8 imamaliza mtunda umenewu m'mphindi zosakwana 6, ya munthu mmodzi m'mphindi 7 kapena pafupi pamenepo, ndipo pa nthawi imeneyi wopalasa amakoka nkhafi koposa ka 200 osapumira. Amene anayesapo kuthamanga mamita 800 ndi mtima wonse akudziwa mmene chifuwa chimatenthera pa mamita 200 omaliza. Opalasa amakhala m'moto umenewo kwa mphindi zingapo.

Tsono apa ndi pamene tikusiyana maganizo ndi makolo amene amathamangira mwambi wa pusi. Mpira wa miyendo umafuna kuti phazi lizolowerane ndi mpira mwana akadali wa zaka zisanu ndi chimodzi. Wouyamba ali ndi zaka 20 angathe kusangalala nawo pa bwalo la m'mudzi, koma ku timu ya dziko sadzafikako. Kupalasa sikuli choncho. Kachitidwe kake ndi kamodzi komweko, kobwerezabwereza, ndipo munthu wa thupi lomvera amakagwira m'miyezi yowerengeka, ngakhale kuti kukasalaza kumatenga zaka. Chimene sichipezeka msanga ndi mtima ndi mapapo olimba, miyendo yamphamvu, msinkhu wautali, ndi khalidwe lodziwa kumvera mphunzitsi ndi kugwirizana ndi anzako. Zonsezi mwana wosewera masewera ambiri amabwera nazo kale. Liwiro linamumangira mapapo, kudumpha kwa volleyball kunamumangira miyendo, ntchemberembaye inamuphunzitsa kuti chigoli sichimwetsedwa ndi munthu mmodzi. N'chifukwa chake m'mayunivesite a ku Britain ndi ku America, chaka chikamayamba, ophunzitsa kupalasa amayendayenda pakati pa ophunzira atsopano kufunafuna anyamata ndi atsikana aatali amene anachitako masewera ena, ngakhale sanakhudzepo nkhafi chibadwire.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Helen Glover wa ku England. Iyeyu ali mtsikana ankathamanga mitunda italiitali, ankasewera hockey ndi tennis, ankasambiranso, ndipo ankaphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. M'chaka cha 2008, ali ndi zaka 22, analowa m'ndondomeko yotchedwa Sporting Giants imene inkafunafuna achinyamata aatali oti aphunzitsidwe masewera atsopano pokonzekera Olimpiki ya ku London. Amene anaona chilengezo chake m'nyuzipepala ndi mayi ake, zimene makolo tiyenera kuzisunga. Iye mwini anaulula pambuyo pake kuti poyezedwa msinkhu anaimirira chonyang'ama chifukwa ankaperewera pang'ono. Zimenezo ife monga aphunzitsi sitikuziyamikira, tangozitchula chifukwa zinachitika. Patangotha zaka zinayi, mu August 2012, iye ndi mnzake Heather Stanning anapata mendulo ya golide. Anabwerezanso ku Rio de Janeiro mu 2016, ndipo mu 2024 ku Paris, ali mayi wa ana atatu, anapata ya siliva.

Wina anganene kuti zimenezo n'za Azungu ndi chuma chawo. Tiyeni tibwere kuno ku Africa. Pa Olimpiki yomweyo ya 2012, ngalawa ya amuna anayi ya dziko la South Africa inapata golide, ndipo mmodzi mwa anayiwo anali Sizwe Ndlovu, amene masewerawa anawadziwira ku sekondale ya Mondeor mu mzinda wa Johannesburg. Dziko la Zimbabwe, limene lilibe nyanja yamchere monga ife, linatumiza Micheen Thornycroft ku Olimpiki ya 2012 ndi ya 2016. Koma nkhani yofanana kwambiri ndi ya mwana wathuyu ndi ya Kathleen Noble wa ku Uganda. Iyeyu anayamba ndi kusambira, mpaka anaimirako dziko lake pa mipikisano ya kusambira. Kupalasa anakuyamba ali kale pa yunivesite ya Princeton ku America, ndipo pa Olimpiki ya ku Tokyo, imene inachitika mu 2021, anakhala munthu woyamba kuimira Uganda pa masewerawa. Anapitanso ku Paris mu 2024.

Ndiponso kuti munthu mmodzi angathe kuchita bwino pa masewera awiri sitifunika kukaphunzira kunja. Asimenye Simwaka anathamangira dziko lino ku Olimpiki ya ku Tokyo ndi ya ku Paris, anafika mu mpikisano womaliza wa mamita 400 pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, ndipo yemweyo anali m'timu ya mpira wa miyendo ya Scorchers imene inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Akanakhala kuti wina anamuletsa ali wamng'ono kuti asankhe chimodzi, sitikudziwa kuti tikanataya chiti.

Pofika apa owerenga ena aganiza kuti tinauza bambo aja kuti amasule mwana apite. Ayi, sizinathere pomwepo, pakuti m'nkhani zonse tatchulazi muli chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchiyang'ana ndi maso awiri. Helen Glover anapeza ngalawa, mphunzitsi ndi mtsinje zikumudikira. Kathleen Noble anapeza nyumba yodzaza ngalawa pa yunivesite yake. Mwana wa ku Chigwirizano akadzuka m'mawa amapeza fumbi la msewu wa ku Likuni. Thupi analo, mtima anawo, chimene alibe ndi madzi ndi ngalawa. Ngalawa ya mpikisano yatsopano ya munthu mmodzi imagulidwa madola zikwi zingapo, ndipo iyenera kuchokera kunja ndi kunyamulidwa mosamala ngati dzira. Zotere sizioneka kawirikawiri m'dziko muno. Dziko la Malawi linayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo kufikira ku Paris mu 2024 latumizako othamanga, ankhonya, osambira, oponya mivi ndi ena, koma wopalasa ngalawa ayi. N'zomvetsa chisoni ndithu tikaganiza kuti tili ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500, imene anthu zikwizikwi amaipalasa usiku ndi usana kuti mabanja awo adye. Chigawo chino cha Africa si chachilendo kwa masewerawa. Kale mu August 1910, pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Livingstone, panachitika mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse lapansi, pamene Richard Arnst wa ku New Zealand anagonjetsa Ernest Barry wa ku England. Zaka zoposa zana zapita, ife tikadali pa gombe kuonerera.

Madzi abata amene ali pafupi ndi ife a kuno ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe umene umachokera ku Dzalanyama. Loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989. Kumeneko kunakhazikitsidwa kalabu ya ngalawa za matanga, Lilongwe Sailing Club, zimene zikusonyeza kuti masewera a pa madzi ndi otheka ngakhale kuno kumtunda. Komabe madzi amenewa ndi amene mzinda wonse umamwa, ali m'manja mwa a Lilongwe Water Board, ndipo munthu sangangofika n'kuponyamo chombo chake popanda chilolezo.

Koma ngalawa isanabwere n'komwe pali funso limene tinafunsa mtsikanayo pamaso pa makolo ake: kodi umadziwa kusambira? Anayang'ana pansi. Apa ndi pamene tikufuna kukhalitsa pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudza nyumba iliyonse, ngakhale imene ilibe mwana wolota za Olimpiki. Ana ambiri a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona ndi kuno kwathu amakula osadziwa kusambira. Amene amati amadziwa, kawirikawiri ndi aja amaphiriphitha m'madzi ofika m'chiuno m'maenje oumbiramo njerwa. Dzinja lililonse mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi ndi Likuni ikasefukira timamva za maliro a ana, ndipo ife amene timaitana maina m'kalasi m'mawa timadziwa kuwawa kwa dzina limene silidzayankhidwanso. Ngalawa ya mpikisano, chifukwa cha kupyapyala kwake, imagubuduzika msanga. Wophunzira aliyense amagwera m'madzi, si kamodzi kokha ayi, ndipo amagwa mapazi ali m'nsapato zokhomeredwa zija, kotero ayenera kudziwa kudzimasula ali m'kati mwa madzi osachita mantha. Makalabu ambiri a ku Britain salola munthu kukwera ngalawa asanaonetse kuti angathe kusambira mamita 50 atavala zovala zopepuka, ndi kuyandama pamalo amodzi kwa mphindi ziwiri. Lamulo limeneli ife tikuliona ngati la nzeru, ndipo tinauza mwanayo kuti chaka chake choyamba cha kupalasa chikhale chaka chophunzira kusambira, pa dziwe lokhala ndi mphunzitsi. Pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 amene anachitikira mu Lilongwe mu December 2022, ku Kamuzu Institute for Sports kunamangidwa dziwe losambiramo la mipikisano. Kukafunsa kumeneko ndi ulendo wa minibasi chabe.

Madzi athu alinso ndi zoopsa zimene opalasa a pa mtsinje wa Thames sazidziwa. M'malo a bango ndi madzi odekha muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo wosewera m'madzi otere ayenera kumakayezetsa ku chipatala. Ng'ona ndi mvuu sizisiyanitsa msodzi ndi katswiri. Pa nyanja pali mwera, umene umaomba miyezi yozizira ndipo umautsa mafunde oti kangalawa kopyapyala sikangapirire ngakhale mphindi imodzi. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja sanaiwale sitima ya Vipya imene inamira mu July 1946 ndi anthu 145. Ngati nyanja inameza sitima ya chitsulo, mwana asaiyese bwenzi lake chifukwa choti waiona yabata pa chithunzi.

Pa nkhani ya fizi bambo aja ananena zoona, ndipo tinawavomereza mwana akumva. Kupalasa si mpira wa miyendo umene wafikitsa Tabitha ndi Temwa Chawinga ku matimu akuluakulu a kunja. Ngakhale m'maiko olemera ndi ochepa kwambiri amene amadya za nkhafi; ambiri ndi ophunzira, madokotala, aphunzitsi ndi ogwira ntchito zina, amene amadzuka m'bandakucha kukapalasa asanapite ku ntchito. Mpikisano wotchuka wa pakati pa Oxford ndi Cambridge, umene unayamba mu 1829, ndi wa ophunzira a pa yunivesite, ndipo wosiya maphunziro alibe mpando m'ngalawamo. Motero mwana wofuna masewerawa ali ndi chifukwa china chogwiritsira maphunziro ake, pakuti khomo lofikira ku ngalawa, kwa ambiri amene analowapo, linali la sukulu. Tichenjezenso pano za anthu amene amalonjeza achinyamata malo a maphunziro ndi masewera kunja, n'kumati ayambe apereka ndalama. Mafunso otere akafunsidwe ku maofesi odziwika, monga a Malawi Olympic Committee ndi a Malawi National Council of Sports, ndipo kholo lipite nawo.

Nanga pusi uja tamutaya? Sitinamutaye, nthawi yake ikubwera. Masewera ambiri ndi abwino pomanga thupi, koma tsiku limene mwana adzapeze ngalawa ndi mphunzitsi, adzayenera kusiya ena. Opalasa a mipikisano amachita zolimbitsa thupi pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina kawiri pa tsiku, ndipo palibe thupi limene lingasenze zimenezo pamodzi ndi ntchemberembaye, volleyball, liwiro ndi mayeso a ku koleji. Za kufunika kwa nthawi tikuphunzira kwa Hamadou Djibo Issaka wa ku Niger, munthu wodziwa kusambira amene anapita ku Olimpiki ya 2012 atangophunzira kupalasa miyezi itatu. Khamu la ku London linamuombera m'manja chifukwa cha kulimba mtima kwake, koma anafika womaliza, kutali ndi anzake. Mphamvu anali nazo, zaka za pa madzi analibe. Koma kuuza mwana lero kuti asiye masewera amene ali nawo chifukwa cha ngalawa imene sanaione, kumeneko n'kutaya nkhwangwa ili m'manja. Pakadali pano athamange, adumphe, asambire. M'nyumba zina zolimbitsiramo thupi m'mizinda mumapezeka makina opalasira pa mtunda, okhala ndi mpando woyenda ndi chingwe chokoka, amene amawerenga nthawi imene munthu wamalizira mamita 2,000. Nambala imeneyo ophunzitsa a dziko lililonse amaimva, ndipo ndi kalata yoyamba imene wopalasa watsopano amadzidziwitsa nayo. Akatswiri aamuna amamaliza m'mphindi zosakwana 6, aakazi zosakwana 7. Woyamba kumene asakhumudwe akaona nambala yake ili kutali ndi zimenezi.

Mayi a mtsikanayo anali ndi mafunso awo awiri. Loyamba linali lakuti kodi mwana wamkazi sadzauma thupi ngati mwamuna? Tinawakumbutsa kuti iwo omwe anakula akusinja pa mtondo, kulima mizere ndi kusenza nkhuni, ndipo palibe anawayesa mwamuna. Akazi akhala akupalasa ku Olimpiki kuyambira 1976 ku Montreal. Lachiwiri linali la Sabata, pakuti mipikisano yambiri imathera tsiku Lamulungu. Funso limeneli ndi lakale. Eric Liddell wa ku Scotland, amene ali wophunzira pa yunivesite ya Edinburgh ankasewerera dziko lake rugby ndiponso kuthamanga, anakana liwiro la mamita 100 pa Olimpiki ya 1924 chifukwa mipikisano yoyamba inaikidwa Lamulungu, ndipo anakapata golide pa mamita 400. Banja lililonse likambirane zimenezi mwana asanalembetse, kuti asadzakumane nazo yekha ali kutali ndi kwawo. Chimene tingaonjezere ife n'chakuti mtsikana asamapite yekha ku damu kapena ku nyanja ndi mphunzitsi amene makolo sakumudziwa. Apeze anzake awiri kapena atatu a ku koleji. Ngalawa ya anayi imafunanso anthu anayi.

Pali nkhani ina yatsopano imene ikutipatsa chiyembekezo kuposa zonse tanenazi. Mu 2023 akuluakulu a Olimpiki anavomereza kuti pa masewera a ku Los Angeles mu 2028 padzakhale mtundu wina wa kupalasa wochitikira pa gombe, umene amautcha beach sprint. Wopikisana amayambira pa mchenga, amathamangira ku madzi, amadumphira m'ngalawa, amapalasa mamita 250 mokhotakhota pakati pa zizindikiro zoyandama, amatembenuka n'kubwerera, ndipo akafika amatsika n'kuthamanganso pa mchenga mpaka pa mzere womaliza. Zonse zimatha m'mphindi zitatu kapena kucheperapo. Ngalawa zake ndi zotambasuka ndi zolimba, zopangidwira mafunde, ndipo sipafunika dziwe lokumbidwa mowongoka la mamita 2,000 limene maiko osauka sangalikwanitse. Chofunika ndi gombe la mchenga ndi madzi otseguka. Amene anafikako ku Senga Bay, ku Nkhotakota kapena ku Chintheche akudziwa kuti zimenezi Mulungu anatipatsa zosefukira. Ndiponso taonani munthu amene masewera otere akumufuna: wodziwa kuthamanga, kudumpha, kusambira ndi kupalasa, ndiye mwana yemwe uja makolo amamuda nkhawa kuti alibe mtima umodzi.

Ndipo tikamaganiza za gombe, maganizo athu akupita kwa ana ena amene nkhani ino sinawatchule. Ku Chipoka, ku Senga Bay, ku Malembo ndi ku Nkhotakota kuli anyamata amene pofika zaka 12 amakhala atadziwa kale kuwerenga mphepo ndi mafunde, amene amasambira ngati nsomba, ndipo ena amakoka nkhafi zazitali m'maboti a matabwa mofulatira monga momwe amachitira a ku Olimpiki, usiku wonse pa usodzi wa usipa. Ambiri a iwo sukulu amaisiyira pa njira chifukwa nyanja imalipira lero lomwe. Mwana wa koleji wa ku Lilongwe ali ndi maphunziro koma alibe madzi. Iwowa ali ndi madzi koma sukulu ikuwapulumuka. Ngati mpikisano wa kupalasa utamangiriridwa ku sukulu, kuti wokwera ngalawa akhale yekhayo amene dzina lake lili m'kaundula wa kalasi, mwina mphunzitsi wa ku gombe angapeze chingwe chatsopano chokokera ana m'kalasi, monga mmene mpira umatithandizira ife kuno kumtunda.

Tikupempha aphunzitsi anzathu a m'masukulu a m'mbali mwa nyanja amene amawerenga tsamba lino kuti atilembere. Tiuzeni ngati kwanuko kumachitika mipikisano ya mabwato, amaikonza ndani, imachitika mwezi uti, mtunda wake ndi wotani, ndiponso ngati atsikana amaloledwa kupalasa nawo. Makalata atumizidwe kwa mkonzi monga mwa nthawi zonse, ndipo amene afike msanga tidzawasindikiza pa tsamba lomwe lino.